Gemu imodzi, mafayilo osiyana: chimene chimachitika posintha .smc, .smd ndi .v64

Pamabenchi a anyamata okopera nyimbo ndi mafilimu ku Ulongué, ku Moatize ngakhalenso mumzinda wa Tete, masiku ano pakumveka funso lina: bwanji gemu yomwe ikuyenda bwinobwino pafoni ya mnzako imangoonetsa mdima ukaiika m'kamakina kako? Timakina tam'manja tosewerera magemu akale tafika m'misika, mafoni a Android nawonso amasewera magemu a Nintendo ndi Sega. Bando ndi yodula, choncho anthu amangopatsirana mafayilo pa Bluetooth kapena pa memori khadi. Wina ali ndi fayilo yothera ndi .smc, wina .sfc, wina .smd, wina .bin, onse akuti ndi gemu yomweyo. Malangizo ofala ndi akuti "ingosinthani dzinalo". Nthawi zina zimathekadi, n'chifukwa chake malangizowa sakutha. Koma nthawi zambiri kusintha dzina sikukhudza chilichonse m'kati mwa fayilo, pomwe vuto lili m'katimo.

Mu fayiloyo muli chiyani?

Amene anakula akusewera magemu pa TV akukumbukira makaseti apulasitiki aja omwe tinkawauzira mpweya akakana kuyaka. M'kati mwa kaseti muli kabolodi kokhala ndi tchipi chotchedwa ROM. Tchipichi chinalembedwa kamodzi kufakitale, makina amangochiwerenga, sangalembemo. Zonse za gemu zili mmenemo: malamulo omwe makina amatsatira, zithunzi, nyimbo, mawu.

Zonsezo zimasungidwa ngati manambala. Nambala iliyonse, kuyambira 0 mpaka 255, imatchedwa byte. Ma byte 1,024 amapanga KB imodzi, ma KB 1,024 amapanga MB imodzi. Munthu akalumikiza kaseti ku chipangizo chowerengera n'kukopera manambala onsewo motsatana kupita mu kompyuta, fayilo yomwe yatulukayo anthu amangoitchula kuti ROM. Pulogalamu yomwe imachititsa foni kapena kompyuta kukhala ngati makina akale aja, n'kumawerenga ROM ngati kaseti, imatchedwa emulator. Snes9x, FCEUX, Mesen, Genesis Plus GX ndi Mupen64Plus ndi ena mwa ma emulator odziwika, ndipo RetroArch imasonkhanitsa ambiri mwa amenewa pamalo amodzi.

Mafayilowa ndi aang'ono modabwitsa. Super Mario Bros. ya 1985 ndi 40 KB basi. Chithunzi chimodzi chojambula pafoni chimaiposa kutalitali. Pamabokosi akale ankalemba kukula mu megabit, osati megabyte, ndipo ma megabit 8 ndiwo amapanga MB imodzi. Ndiye mukaona kaseti ya Sega yolembedwa "16 MEG", fayilo yake ndi 2 MB.

Ngati ROM ndi manambala a m'tchipi basi, mtundu wa fayilo ukanakhala umodzi. Chisokonezo chinabwera ndi okopera.

Makina okopera a m'ma 1990

Intaneti isanafale, makampani ena a ku Taiwan ndi Hong Kong ankapanga makina omwe ankalumikizidwa pa Super Nintendo kapena Mega Drive ya Sega, n'kukopera gemu kuchoka mu kaseti kupita pa floppy, kadisiki kamakona anayi kolowa 1.44 MB. Kampani iliyonse inkasunga fayilo m'njira yoyenerera makina ake. Super Magicom inasiya dzina la .smc, Super Wild Card inasiya .swc, Pro Fighter inasiya .fig, Super Magic Drive inasiya .smd. Pa Nintendo 64, Doctor V64 ya kampani ya Bung inasiya .v64, pomwe Mr. Backup Z64 inasiya .z64. Makinawo anatha kalekale, koma mafayilo omwe anatuluka mmenemo akuyendabe kuchoka pa kompyuta ina kupita ina, mpaka afika pa memori khadi ya mwana wa ku Furancungo yemwe floppy sanaionepo.

Taganizirani kope la notsi lomwe anthu atatu alikopera. Woyamba wakopera ndendende. Wachiwiri wakoperanso ndendende koma wawonjezera tsamba lake pamwamba, lolembapo kuti kopeli lili ndi masamba angati. Wachitatu wayamba ndi mizere yachiwiri, yachinayi, yachisanu ndi chimodzi ya tsamba lililonse, kenako n'kubwerera kukalemba yomwe anaidumpha. Notsi ndi zomwezo, palibe liwu lomwe latayika. Koma wowerenga amene sakudziwa momwe wachitatu analembera angoona zopanda mutu. Kusintha mtundu wa ROM ndi kuchotsa tsamba lowonjezera lija, kapena kubwezera mizere m'malo mwake. Kulemba dzina lina pachikuto sikuchita chilichonse mwa ziwirizi.

Super Nintendo ndi ma byte 512

Apa ndi pomwe anthu ambiri amakumana ndi vutoli koyamba. Makina okopera ankaika ma byte 512 kumayambiriro kwa fayilo, momwe ankalembamo kukula kwa gemu ndi momwe makinawo aikonzere. Chigawo chimenechi chimatchedwa header, tizingoti mutu. Gemu yeniyeni siufuna mutuwu, chifukwa mu kaseti munalibe. Gemu ya Super Nintendo ili kale ndi chizindikiro chake m'kati, momwe muli dzina lake, dera lomwe inagulitsidwa ndi momwe tchipi chinalumikizidwira.

Mwachizolowezi, .smc imakhala ndi mutu ndipo .sfc ilibe. Koma chifukwa anthu akhala akusintha mayina kwa zaka zambirimbiri, dzinalo musalikhulupirire. Chodalirika ndi kukula kwa fayilo. Onani kukula kwake mu ma byte enieni, osati kongoyerekeza komwe foni imaonetsa, n'kugawa ndi 1,024. Ikagawika popanda chotsala, mutu palibe. Pakatsala 512, mutu ulipo. Super Mario World yopanda mutu ndi ma byte 524,288. Mukaipeza ili 524,800, dziwani kuti pamwamba pali ma byte 512 a makina okopera.

Ma emulator ambiri amachita masamu omwewa okha n'kudumpha mutuwo, n'chifukwa chake kusintha dzina kumaoneka ngati kwagwira ntchito. Sikuti fayilo yasintha ayi, koma kamakinako kanali kosaonetsa mafayilo othera ndi dzina linalo pamndandanda wake.

Palinso mafayilo ochokera mu makina a Game Doctor, omwe ena mwa iwo zigawo zake zinasinthanitsidwa malo, ndi ena omwe anadulidwa pawiri kapena patatu kuti akwane pa ma floppy. Odulidwawa amafunika kulumikizidwa motsatana asanaseweredwe. Masiku ano ndi osowa.

Mega Drive: manambala osakanizidwa

Mega Drive, yomwe inatuluka ku Japan mu 1988 ndipo ku America imatchedwa Genesis, ili ndi mitundu iwiri yofala. Mafayilo a .bin, .md ndi .gen nthawi zambiri amakhala chimodzimodzi m'kati: manambala a m'tchipi motsatana. Pakati pa atatuwa, kusintha dzina n'kokwanira.

.smd ndi nkhani ina. Ili ndi mutu wa ma byte 512, kenako gemu yonse inagawidwa m'zigawo za 16 KB. M'chigawo chilichonse, 8 KB yoyamba imasunga byte yachiwiri, yachinayi, yachisanu ndi chimodzi, choncho mpaka kumapeto, ndipo 8 KB yachiwiri imasunga yoyamba, yachitatu, yachisanu. Magemu a Mega Drive amakhala ndi liwu loti SEGA pafupi ndi poyambira, pa byte ya nambala 256. Mu fayilo ya .smd liwuli simungaliwerenge, chifukwa E ndi A zili m'theka loyamba pomwe S ndi G zili m'theka lachiwiri. Pulogalamu yosinthira imataya mutu, kenako imatenga byte imodzi uku, ina uko, mpaka chigawo chonse chitalukidwanso.

Mukangosintha dzina la .smd kukhala .bin, emulator yosazindikira imapatsa purosesa, ubongo wa makinawo, manambala osakanizikawo ngati malamulo. Purosesayo imasokonezeka nthawi yomweyo ndipo sikirini imangokhala yakuda. Magemu ena a Sega, monga Sonic the Hedgehog ya 1991, amadziwerengera okha poyamba kuti aone ngati manambala awo ali bwino, ndipo akapeza kuti china chasintha amaonetsa sikirini yofiira n'kuima. Mukaona kufiirako, fayilo yatseguka ndithu koma m'kati mwake mwakhudzidwa.

Nintendo 64: dongosolo la ma byte

Pa Nintendo 64, ya 1996, palibe mutu wowonjezera. Mitundu yonse itatu ili ndi kukula kofanana, kusiyana kuli pa dongosolo. Tengani ma byte anayi otsatana muwatche A, B, C, D. Mu .z64 ali ABCD, momwe purosesa ya makinawo imawerengera. Mu .v64 awiriawiri anatembenuzidwa, BADC. Mu .n64 anayi onse anatembenuzidwa, DCBA.

Izi mutha kuziona ndi maso. Tsegulani fayilo ndi pulogalamu yoonetsa ma byte, monga HxD pa Windows. Manambala amalembedwa m'njira yotchedwa hex, yomwe imasakaniza manambala ndi zilembo A mpaka F, koma simukufunika kuiphunzira. Ingoyang'anani anayi oyamba. 80 37 12 40 ndi .z64, 37 80 40 12 ndi .v64, ndipo 40 12 37 80 ndi .n64. Kumanja kwa sikirini mudzaona dzina la gemu. Mu .v64, Super Mario 64 imawerengeka kuti "USEP RAMIR O46". Ineyo ndimaona kuti palibe phunziro lomveka kuposa limeneli: munthu akaona dzinalo litapindika chonchi, sabwereranso ku maganizo oti dzina lakunja ndilo vuto.

Kusintha pakati pa mitundu itatuyi sikutaya kanthu. Mutha kupita ku .v64 n'kubwerera ku .z64, fayilo idzakhala ndendende momwe inalili. Ambiri amasankha .z64 chifukwa ndi momwe kaseti imaperekera manambala ake.

NES: apa mutu musachotse

Tikafika pa NES ya Nintendo, yomwe ku Japan inatuluka mu 1983 ndi dzina loti Famicom, lamulo lija limatembenuka. Makina otsanzira Famicom, a makaseti olonjeza magemu zikwizikwi pomwe ali ochepa obwerezabwereza, ndi omwe ambiri kuno anayambira, choncho magemu a NES ndi omwe amafunidwa kwambiri pamabenchi aja.

Kaseti ya NES nthawi zambiri imakhala ndi matchipi awiri, china cha malamulo a gemu, china cha zithunzi. Makinawo pawokha amatha kuona 32 KB yokha ya malamulo nthawi imodzi. Magemu atayamba kukula, opanga anayamba kuika kachipangizo kena mu kaseti kosinthanitsa zigawo za ROM gemu ili m'kati. Kachipangizoka kamatchedwa mapper, ndipo mitundu yake ilipo yambirimbiri. Super Mario Bros. ilibe, imawerengedwa mapper 0. Super Mario Bros. 3 imagwiritsa ntchito MMC3, yomwe inapatsidwa nambala 4.

Vuto ndi lakuti manambala a m'tchipi sanena kuti kabolodi kanali kotani. Marat Fayzullin, yemwe analemba emulator ya iNES m'ma 1990, anakonza mutu wa ma byte 16 wonena zimenezi. Umayamba ndi zilembo NES, kenako umanena kuchuluka kwa zigawo za 16 KB za malamulo, kuchuluka kwa zigawo za 8 KB za zithunzi, nambala ya mapper, komanso ngati kaseti inali ndi batire losungira pomwe wosewera wafika. N'chifukwa chake fayilo ya Super Mario Bros. imakhala ma byte 40,976, kutanthauza 40,960 a gemu ndi 16 a mutu. Mukauchotsa, emulator siidziwanso pomwe malamulo athera ndi pomwe zithunzi zayambira.

Mutuwu umathanso kukhala wolakwika. Pulogalamu ina yakale inkalemba dzina lake, DiskDude!, m'ma byte omalizira a mutu omwe panthawiyo ankaoneka ngati opanda ntchito. Pambuyo pake imodzi mwa ma byte amenewo inayamba kugwiritsidwa ntchito powerengera mapper, ndipo chilembo D chinkawonjezera 64 pa nambalayo. Gemu ya mapper 4 inkaoneka ngati ya 68, n'kukana kuyenda. Mafayilo otere akadalipo. Mtundu watsopano wa mutuwu, NES 2.0, umanena zambiri za kabolodi m'ma byte 16 omwewo, ndipo ma emulator ngati Mesen ali ndi mndandanda wawo wokonzera mitu yolakwika. Palinso mtundu wina wotchedwa UNIF, wothera ndi .unf, womwe unkagwiritsidwa ntchito kwambiri pa makaseti otsanzira aja. Kuusintha kukhala .nes kumafuna kudziwa nambala ya mapper yogwirizana ndi kabolodi kake, si ntchito yongodina batani.

Za Game Boy sitichedwapo. Mafayilo a .gb, .gbc ndi .gba ndi manambala a m'tchipi basi, alibe mutu wowonjezera.

Chifukwa chake zigamba zimakana

Ngati ma emulator ambiri amazindikira mitundu yonseyi okha, nanga kuvutikiranji? Yankho lalikulu ndi zigamba. Magemu ambiri akale anatuluka m'Chijapanizi kapena m'Chingerezi mokha. Kupatula ochepa omwe kampani ya Tectoy ya ku Brazil inamasulira, monga Phantasy Star ya makina a Sega a Master System, Chipwitikizi chinalibe malo. Okonda magemu, makamaka a ku Brazil, akhala akumasulira okha, n'kumagawa ntchito yawo ngati kafayilo kakang'ono kotchedwa patch, komwe tingati chigamba. Kwa mwana wa ku Angónia yemwe kusukulu amaphunzira m'Chipwitikizi, chigamba ndicho chimachititsa kuti nkhani ya m'gemu imveke.

Chigamba cha mtundu wa IPS chimangonena kuti "pita pa byte yakutiyakuti, ulembepo ichi". Sichiona n'komwe ngati fayilo ndi yoyenera. Ngati womasulira anagwiritsa ntchito ROM yopanda mutu, inu n'kuika chigambacho pa yokhala ndi mutu, chilichonse chimalembedwa ma byte 512 kutali ndi malo ake. Pulogalamu idzanena kuti zatheka, koma gemu idzatuluka ndi zithunzi zong'ambikang'ambika kapena osayamba n'komwe. Zigamba zakale za Super Nintendo zambiri zimafuna mutu, zatsopano zambiri siziufuna, choncho werengani kaye kafayilo ka malangizo komwe kamabwera ndi chigambacho.

Mtundu wa BPS unakonza vutoli. Umasunga nambala yotsimikizira ya ROM yoyenera, ndipo umakuchenjezani ikakhala ina. Nambala yotsimikizirayi, monga CRC32 kapena SHA-1, imawerengedwa kuchokera ku ma byte onse a fayilo, moti byte imodzi yokha ikasintha, nayonso imasintha. Gulu la No-Intro limasunga mndandanda wa manambala amenewa a makaseti omwe anakoperedwa molondola. RetroArch imagwiritsa ntchito mindandanda yotere pozindikira magemu, n'chifukwa chake fayilo ya .smd kapena .v64 imatha kuseweredwa koma osaoneka pamndandanda wokhala ndi zithunzi zachikuto.

Momwe amasinthira, ndi zomwe sizingatheke

Pulogalamu yodziwika pa ntchitoyi ndi uCON64. Ndi yaulere, imadziwa makina ambiri, koma imafuna kulemba malamulo m'malo modina mabatani. Mukangoipatsa dzina la fayilo imakuuzani mtundu wake weniweni, ngati ili ndi mutu, komanso ngati nambala yake yam'kati ikugwirizana. Tool64 ndi ya Nintendo 64 yokha. Poika zigamba pali Lunar IPS, Floating IPS, ndi Rom Patcher JS yomwe imayenda ngakhale pafoni ndipo imaonetsa CRC32 ya fayilo musanayambe. Sungani kaye fayilo yoyambirira pena, musinthe yokopera.

Zip ndi 7z si mitundu ya ROM, ndi kungopanikiza fayilo kuti ichepe. Ma emulator ena amatsegula zip okha, ena amafuna mumasule kaye.

Kusintha mtundu sikungasandutse gemu ya makina ena kukhala ya ena. NES ili ndi purosesa ya banja la 6502, Mega Drive ili ndi Motorola 68000, Nintendo 64 ili ndi NEC VR4300, ndipo iliyonse imamva malamulo akeake. Chimodzimodzi dera. Magemu a ku Ulaya anapangidwira ma TV a PAL, ngati omwe tinkagwiritsa ntchito kuno ku Mozambique, osintha chithunzi ka 50 pa sekondi, pomwe a ku Japan ndi America anali a NTSC, ka 60. Ambiri a ku Ulaya amayenda mochedwerapo, ndipo kuchotsa mutu kapena kutembenuza ma byte sikuwafulumizitsa. Komanso ROM ya kaseti siithera ndi .exe kapena .apk. Mukatsitsa gemu ya Sega n'kupeza yotere, imeneyo ndi pulogalamu ina, ndipo mavairasi amakonda kubisala chonchi.

Nanga malamulo?

Apa anthu amasiyana maganizo. Eni magemu, makamaka Nintendo, amati magemuwa akadali awo ngakhale ndi akale, ndipo kuwagawa pa intaneti n'kuphwanya umwini wawo. Mu 2018 Nintendo inasumira eni mawebusayiti a LoveROMs ndi LoveRETRO ku America, ndipo mlanduwo unatha ndi chigamulo cha ndalama zoposa madola 12 miliyoni. Kampaniyi imaperekanso ena mwa magemu akalewa kwa olipira Nintendo Switch Online.

Osunga mbiri ya magemu amayang'ana mbali ina. Makaseti amawonongeka, mabatire am'kati amatha, makampani ena anatsekedwa. Kafukufuku wa Video Game History Foundation wa 2023 anapeza kuti magemu 87 pa 100 alionse omwe anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 sakupezekanso pamsika. Kwa iwo, ROM yokoperedwa molondola ndiyo njira yoti gemu isatheretu. Ena amakopera makaseti awoawo ndi zipangizo ngati Retrode, n'kumasewera pa makina enieni pogwiritsa ntchito kaseti yolowa memori khadi monga EverDrive. Palinso magemu atsopano a makina akalewa omwe olemba ake amagawa mwaulere. Malamulo a umwini amasiyana dziko ndi dziko, ndipo kusintha .smc kukhala .sfc sikusintha mwini wake wa gemuyo.

Musaiwale sevu

Pomwe mwafika m'gemu sipasungidwa mu ROM, pamasungidwa mu fayilo ina yotchedwa sevu, kawirikawiri yothera ndi .srm kapena .sav, ndipo pa Nintendo 64 .eep, .sra kapena .fla. Emulator imaipeza sevuyo poyang'ana dzina lofanana ndi la ROM. Mukasintha fayilo n'kuipatsa dzina lina, gemu idzayambira poyambirira ngati simunaseweremo. Sevuyo siinafufutike. Ipezeni m'foda yake, muipatse dzina lofanana ndi la ROM yatsopano, kumapeto kokhako kusiye momwe kunalili.